Kalendala ya Adventi ya timatumba 24: momwe ntchito yayendera kwathu ku Zomba

Loweruka, 9 Novembala 2024. Chimene ndikufuna kupanga

Ndayamba kupangira ana a pakhomo pano kalendala ya Adventi, nyengo yodikira Khrisimasi, ndipo ndizilemba gawo lililonse, ndalama zimene zapita ndi zimene zavuta, kuti wofuna kupanga yake adziwiretu.

Kwa amene sanaionepo: imakhala ndi timakomo kapena timatumba 24, ndipo mwana amatsegula kamodzi patsiku kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 24. Mwambowu unayambira ku Germany, kwa akhristu a mpingo wa Lutheran a m'zaka za m'ma 1800, amene ankalemba mizere ya choko pachitseko kuti ana aziwerenga masiku otsala kuti Khrisimasi ifike. Zosindikiza papepala zinabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo dzina lodziwika pa zimenezi ndi la Gerhard Lang wa ku Munich. Zogula m'sitolo masiku ano zimakhala ndi chokoleti kuseri kwa kakhomo kalikonse. Kwawoko Disembala ndi mwezi wozizira koopsa, chokoleti chimakhala mwezi wonse chili gwa. Chaka chatha alamu anga a ku Johannesburg anatitumizira imodzi pa basi, ndipo inafika chokoleti chonse chitasungunuka n'kumatirira ku pulasitiki. Kuwonjezera apo inali imodzi, pamene ana pakhomo pano alipo anayi: anga atatu ndi mwana wa achemwali amene akuphunzira kuno.

Choncho ndikufuna kalendala yopirira kutentha, chinyezi ndi nyerere zathu, yoti ana anayi agawane popanda kulira.

Chaka chino zinthu zagwirizana bwino, chifukwa Lamulungu loyamba la Adventi likugwa pa 1 Disembala penipeni. Sizikhala choncho chaka chilichonse. Adventi ya ku tchalitchi imayamba Lamulungu lachinayi Khrisimasi isanafike, ndipo tsikulo limasuntha pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala.

Maganizo oyamba: timabokosi ta machesi 24, tomatidwa pa katoni, kalikonse kokoka ngati kadirowa. Ana ayamba kale kuzungulira m'makomo mwa aneba kupempha mabokosi otha machesi.

Lachitatu, 13 Novembala. Machesi, katoni ndi phala la chinangwa

Mabokosi akwana. Katoni ndapempha pa golosale, sanandilipiritse. Pepala lokutira mphatso lofiira ndagula K1,500. M'malo mogula guluu ndaphika kaphala kopyapyala ka ufa wa chinangwa, monga tinkachitira tili ana pomata mapepala. Kamamata bwino ndithu, ndipo madzulo kalendala inali itaima pakhoma, mizere inayi ya timabokosi sikisi.

Vuto laonekera pomwepo ndi kukula kwake. M'bokosi la machesi mumalowa siwiti imodzi ndi kapepala kopindapinda, basi. Pensulo ayi, baluni movutikira.

Lolemba, 18 Novembala. Zaonongeka

Mvula itagwa kumathero a sabata, nyumba yonse inadzaza chinyezi. Katoni yapindika, timadirowa tatupa moti tina sitikukokeka, ndipo kuseri, pamene phala linachuluka, kwamera chuku chobiriwira. Choipitsitsa ndi mphemvu. Zanunkhiza ufa, zadya phala usiku, ndipo timabokosi ta m'munsi tagwa tokha. Phala la chinangwa ndi chakudya, ndipo m'nyumba za kuno chakudya chili pakhoma sichigona chokha.

Guluu wa m'botolo akanathetsa za mphemvu, koma za kupindika kwa katoni ndi kuchepa kwa malo zikanatsalabe. Ndaitaya yonse. Zatayika K1,500 za pepala. Ndikusamukira ku nsalu, chifukwa nsalu ikanyowa imauma, ikada imachapidwa, ndipo chaka chamawa idzagwiranso ntchito.

Lachinayi, 21 Novembala. Kumsika ndi kwa atelala

Mumsika wa Zomba ndagula mita imodzi ndi theka ya nsalu ya bafuta, K6,000. Iyi ndiyo msana wa kalendala. Za timatumba sindinagule chitenje chatsopano. Atelala amene amatisokera mayunifolomu ali ndi thumba la zidutswa zotsala, ndipo andilola kusankha mitundu inayi pa K2,000: yofiira, yobiriwira, yachikasu ndi yabuluu.

Mitundu inayiyi ndiyo mfundo yaikulu ya kalendala yonse, ndipo ndikupempha aliyense wa ana angapo aiganizire. Ndatembenuza kayalidwe: m'malo mwa mizere inayi ya sikisi, pakhala mizere sikisi ya timatumba tinayi. Manambala akayenda mwadongosolo, 1, 2, 3, 4 pamwamba, 5, 6, 7, 8 pansi pake, mzere uliwonse wotsika umakhala wa mwana mmodzi. Wachisamba ali ndi 1, 5, 9, 13, 17 ndi 21, tonse tofiira. Wotsatira ali ndi tobiriwira, mwana wa achemwali tachikasu, chitsiriza tabuluu. Aliyense timatumba sikisi. Chitsiriza sanayambe kuwerenga bwino manambala, koma buluu amamudziwa, ndiye palibe mkangano woti lero ndi la yani.

Nditawerengera ndapezanso chinthu chondisangalatsa. Masiku a Lamulungu chaka chino ndi 1, 8, 15 ndi 22, ndipo pa kayalidwe aka lililonse likugwera mwana wosiyana. Kathumba ka Lamulungu ndikufuna kazikhala konenepako, ndiye aliyense alandira kamodzi.

Miyeso imene tagwirizana ndi atelala: msana ukatha kupindidwa m'mbali ukhale masentimita 71 m'lifupi ndi 110 m'litali. Kathumba kalikonse masentimita 13 m'lifupi ndi 12 kutalika, mpata wa masentimita 3 pakati. Pamwamba ndi pansi mpendero waukulu wolowetsamo nsungwi. Mtengo wosokera pamodzi ndi ulusi, K8,000.

Ndisanawasiyire nsalu, atelala anandibweza. "Mayi, kachapeni kaye zonsezi, chilichonse pachokha. Bafuta amabwerera akanyowa, ndipo chofiirachi sindikuchikhulupirira." Anali ndi mfundo. Chidutswa chofiira chasandutsa madzi a m'beseni kukhala ofiira mpaka nditatsukuluza kangapo, ndipo chikanasokedwa chosachapa, tsiku loyamba kuchapa kalendala bafuta yense akanathimbirira. Bafutayo wabwereradi pang'ono, koma mita ndi theka inali ndi yotsala yokwanira.

Loweruka, 23 Novembala. Timatumba tosalowa kanthu

Atelala asoka mzere woyamba kuti ndikaone, ndipo ndi mwayi kuti sanapitirize. Timatumba tinali tokongola koma tomatirira ku msana, ngati thumba la malaya. Khadi limalowa, dzanja la mwana limalowa movutikira, koma chitumbuwa kapena kabotolo ayi. Nsalu ikadulidwa mofanana ndi malo ake, mkati simukhala mpata.

Tasula mzerewo. Chidutswa chilichonse tsopano chikudulidwa masentimita 19 m'lifupi, ndipo m'munsi mwake akupindamo timakwinya tiwiri kuti chikwane pa masentimita 13. Kukamwa kwa kathumba kumatsala kotakasuka. Njira imene atelala apeza yofulumira ndi yolumikiza kaye zidutswa zinayi za mitundu inayi kukhala lamba mmodzi, kupinda mpendero wa pamwamba, kusoka lambayo pa bafuta m'munsi, kenako kutsitsa msoko pakati pa mtundu ndi mtundu. Pamwamba pa msoko uliwonse abwereza ulusi kangapo, chifukwa ndi pamene manja a ana amang'amba.

Zidutswa zachikasu zachepa chifukwa cha kukula kwa miyeso, ndiye kathumba kamodzi kali ndi chikasu cha maluwa ena. Sizikuoneka moipa.

Lachiwiri, 26 Novembala. Manambala

Kalendala yabwera kunyumba. Ndagula cholembera cha maka, K1,000, kuti ndilembe manambala pa timatumba. Ndinayesa kaye pa chidutswa chotsala: inki yayenderera mu ulusi wa nsalu, 8 akuoneka ngati dontho, ndipo pa maluwa a chitenje nambala sikuoneka n'komwe uli chapatali.

Chagwira ntchito ndi ichi. Ndadula timabwalo 24 pa bafuta wotsala, kukula kwake ndayezera pa kamwa la kapu ya tiyi. Manambala ndalemba ndi penti yakuda ya mafuta, kachitini kakang'ono K3,500, pogwiritsa ntchito kamtengo ka machesi kotafuna kunsonga m'malo mwa bulashi. Penti ya mafuta siyenderera ngati simuisungunula, koma imachedwa kuuma nyengo ino. Ndaziyanika pakhonde pa nyuzipepala, ndipo ndizisoka pamanja zikauma. Musasoke zisanaume, ndiponso musazisanjikize.

Penti yatsala yambiri. Amene ali ndi mnzake wopenta zikwangwani angopempha pang'ono pa chitsekerero cha botolo, zikwana.

Lachisanu, 29 Novembala. Kupachika, ndi zolowa mkati

Nsungwi ziwiri bambo a kunyumba adula kudimba kwa anzawo. Yapamwamba imanyamula, yapansi imakoka nsalu kuti isakwinyike. Tasankha zouma kale, zopanda timabowo ta kufumbwa, ndipo taziwaula pang'ono pamoto.

Msomali pakhoma wakana. Pulasitala wathu ndi wa mchenga wambiri, ndipo titangoyesa kuikamo zinthu msomali unazuka ndi chibuma chake. Tagula waya ndi kangowe, K800, tamangirira ku mtanda wa denga, kalendala n'kulendewera pafupi ndi khoma koma osaligunda. Kutalika kwake tayezera pa chitsiriza: mzere wapamwamba aufikire ataima pa mpando wina atamugwira, wapansi aufikire ali pansi.

Tsopano za mkati, zimene ndaganizira nthawi yaitali kuposa nsalu. Chaka chino ndi cha njala. Mvula ya dzinja lapitali inadula chifukwa cha El Niño, boma linalengeza m'mwezi wa Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo mtengo wa chimanga aliyense akuudziwa. Sindikufuna kuti ana anga azidya siwiti m'mawa uliwonse kwa masabata atatu anzawo a nyumba yoyandikana akuonerera. Komanso Adventi si Khrisimasi. Ku tchalitchi ansembe amavala zofiirira za mtundu wa pepo, nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu siimbidwa pa Misa za Lamulungu, maluwa amachepa paguwa. Ndi nyengo yodikira, ndipo kalendala iyenera kuphunzitsa mwana kudikirako.

Ndiye m'kathumba kalikonse muli khadi la pepala la manila, K1,200 mapepala onse. Mbali imodzi ndalemba malo a m'Baibulo oti tiwerenge madzulo, mbali inayo kantchito ka tsikulo. Masabata awiri oyamba ndi aneneri: Yesaya 7:14, Yesaya 11:1 za mphukira ya pa tsinde la Yese, Yesaya 40:3, Mika pa za Betelehemu. Kenako Yohane Mbatizi. Sabata yomaliza ndi Luka 1 ndi Mateyo 1, mngelo kwa Maria, ulendo wa kwa Elizabeti, nyimbo ya Maria, maloto a Yosefe, mpaka Luka 2:1-7 pa 24. Wachisamba, amene ali ku sekondale, ndamupatsa ntchito yakeyake: Uthenga wa Luka uli ndi mitu 24, mutu umodzi patsiku, ndipo ndi Luka yemweyo amene tiziwerenga kwambiri ku tchalitchi m'chaka chikuyambachi.

Tintchito ndi tating'ono: kutungira agogo a kuseri ndowa ya madzi, kutsuka mbale za mnzako, kuphunzitsa chitsiriza nyimbo imodzi, kupepesa munthu amene unamulakwira. Kamphatso kogwirika kazipezeka Lamulungu ndi masiku ena ochepa.

Lamulungu, 1 Disembala. Tayamba

Titabwera ku Misa, kumene ayatsa kandulo yoyamba mwa zinayi za Adventi, wachisamba watsegula kathumba koyamba. Munali khadi ndi masiwiti anayi, kuti agawire anzake. Lamulo limeneli ndaliika dala: mwini tsiku ndiye amatulutsa ndi kugawa, koma sadya yekha.

Lachiwiri, 3 Disembala. Nyerere

Loweruka usiku ndinaikiratu masiwiti ndi mtedza wokazinga m'timatumba ta sabata yonse. Lero m'mawa mzere wa nyerere unali ukutsika kuchokera ku mtanda, kudzera pa waya, kulowa m'timatumba. Zaboola ngakhale pepala la siwiti. Pa kathumba ka 8 siwiti yasungunuka ndi kutentha n'kusiya banga lomata.

Ndatulutsa zonse, ndakutumula kalendala panja, banga ndapukuta ndi madzi ofunda. Pa waya ndapaka Vaseline wochindikala kutalika kwa chala, ndipo nyerere zikufika pamenepo n'kubwerera. Ayenera kuwonjezeredwa pakapita masiku chifukwa fumbi likamatirira zimadutsa pamwamba. Koma mankhwala enieni ndi awa: chodyedwa chisagone m'kalendala. Zonse zili m'chitini chotseka kuchipinda kwanga, ndipo ndimaika za tsikulo m'mamawa ana asanadzuke. Makhadi okha ndiwo amakhalamo.

Njira imeneyi yathetsanso vuto lina limene linali litayamba, la chitsiriza kupisa m'timatumba ta kutsogolo anzake ali kusukulu. Akapisa tsopano amapeza pepala lokha.

Lachisanu, 6 Disembala. Nikolasi Woyera

Khadi la lero linali la Nikolasi Woyera, episkopi wa ku Myra, m'dziko limene lero ndi Turkey, wa m'zaka za m'ma 300, amene amakumbukiridwa chifukwa chopatsa osauka mobisa. Father Christmas wa m'masitolo anachokera kwa iyeyu. Kantchito kanali kopereka kanthu popanda wolandira kudziwa. Ana atapa ufa m'kambale, awonjezera mango a mumtengo wathu, akasiya pakhomo pa agogo a kuseri kukada. Mwana wa achemwali anafunsa, "Anti, nanga akapanda kudziwa kuti ndife, atithokoza bwanji?" Takambirana zimenezo nthawi yaitali kuposa vesi la tsikulo, ndipo sindinafulumire kuwatseka pakamwa.

Lachitatu, 11 Disembala. Vesi losapezeka

Pa khadi ndinalemba Mika 5:2. Mwana anatsegula Baibulo la Chingerezi la bambo ake n'kuwerenga mawu ena, a Betelehemu ali pamwamba pake. Mabaibulo ena amawerenga vesi limeneli ngati Mika 5:1, ndipo chimodzimodzi Yesaya 9:6 kwina ndi 9:5. Pakhomo pokhala Mabaibulo osiyana, lembani pa khadi mawu oyamba a vesilo kuwonjezera pa nambala, kapena sankhani Baibulo limodzi likhale la kalendala. Ife tasankha Buku Loyera, Chichewa chake ana amachimva msanga, ndipo makhadi otsala ndawayang'ananso onse m'menemo.

Tintchito tina tikukanika mkati mwa sabata. Kukazonda wodwala Lachiwiri, ana atabwera kusukulu mochedwa mvula ili pamutu, sikutheka. Ndasinthanitsa makhadi kuti zotuluka panja zigwere Loweruka ndi Lamulungu.

Lamulungu, 15 Disembala

Lamulungu lachitatu, la chimwemwe, kandulo ya pinki. Mwini tsiku anali mwana wa achemwali. Mapensulo anayi ndi mabaluni. Ana awiri a aneba akhala akubwera madzulo kudzamvera, ndiye kuyambira lero chogawana ndikuwerengera anthu sikisi. Amene mukupanga yanu, ikani ndalama yapadera ya alendo otere, chifukwa adzabwera ndithu, ndipo ndi bwino kuti abwere.

Lachiwiri, 17 Disembala. Chido

Namondwe wa Chido, amene anaononga ku Mayotte ndi kumpoto kwa Mozambique, wadutsa kuno dzulo ndi mphepo ndi mvula. Ife tapulumuka, koma lata limodzi linatukuka ndipo madzi anatsata mtanda, kutsika pa waya, kunyowetsa mizere iwiri yapamwamba. Apa ndi pamene kuchapiratu nsalu kwalipira: palibe mtundu wachucha, manambala a penti ali bwinobwino. Ndaiyanika pakhonde, ndaisita ndi simbi ya makala kuseri kwake, osati pa penti.

Makhadi a m'mizere yonyowayo anali ogwiritsidwa kale ntchito, koma inki ya bolopeni yafufutika pa ena, ndipo ndimafuna kuwasunga. Otsalawo ndawakulunga m'timapepala ta pulasitiki ta shuga. Bambo akhomerera lata, ndipo pa waya tapinda kagongono kolozera pansi kuti dontho likatsika lizigwera pamenepo lisanafike pa nsungwi.

Khadi la lero ndalisintha. Ana apita ndi bambo awo kukathandiza kutola malata ndi kusesa kwa banja lina la mu mphakati wathu limene khitchini yawo yagwa.

Lachiwiri, 24 Disembala. Kathumba komaliza ndi ndalama zonse

La 24 linagwera chitsiriza. Munali khadi la Luka 2:1-7 ndi kamwana ka dongo kamene ana anaumba sabata yatha, koti akakaike m'kakhola kamene apanga ndi udzu pakona ya pabalaza. Wachisamba wamaliza Luka yense, ngakhale mitu ina anachita kuphatikiza iwiri patsiku nthawi ya mayeso.

Ndalama: bafuta K6,000, zidutswa K2,000, atelala K8,000, penti K3,500, manila K1,200, waya ndi kangowe K800. Zotayika ndi pepala lokutira K1,500 ndi maka K1,000. Zonse pamodzi K24,000. Zolowa mkati, masiwiti, mtedza, mapensulo, mabaluni ndi mabisiketi, zadya pafupifupi K11,000, kuphatikizapo za ana a aneba. Wokhala ndi makina ake osokera ndi penti yopempha angathe kupanga kalendala yokhayo ndi ndalama zosafika K12,000 pa mitengo ya 2024.

Msoko umodzi, wa pakati pa 19 ndi 20, wayamba kumasuka pamwamba, ndiusoka pamanja. Mizere iwiri yapansi ndi imene yada kwambiri ndi manja.

Loweruka, 28 Disembala. Kusunga

Ndasolola nsungwi, ndachapa kalendala ndi madzi ozizira osaifikisa pa manambala, yauma tsiku lonse padzuwa. Ndaikulunga osati kuipinda, kuti penti isasweke, ndipo ili m'sutikesi pamodzi ndi makhadi m'envelopu. Chaka chamawa Adventi iyamba pa 30 Novembala, tsiku limodzi kalendala isanayambe, ndiye ndidzasokerera kathumba kena kopanda nambala pa mpata wotsala pamwamba pa nsalu. Masiku a Lamulungu adzakhala 7, 14 ndi 21 Disembala, ogwera ana atatu okha, choncho kathumba katsopanoko kadzakhala ka chitsiriza.